Galimoto Ikagwada: Manyazi ndi Chikumbumtima

Munthu akakhala ndi mavuto awiri koma ndalama zokwana kuthetsa limodzi lokha, vuto limene wayamba nalo limaulula za mumtima mwake. Nkhani yotere imapezeka kawirikawiri m'magalaja a ku Biwi ndi ku Ndirande, pamene mwini galimoto yapamwamba koma yokalamba wauzidwa kuti zinthu ziwiri zatha: matumba a mpweya amene amanyamula thupi la galimoto, ndi shafiti imene imapereka mphamvu ku matayala. Vuto loyambalo aliyense amaliona. Lachiwirilo amalidziwa anthu awiri okha, mwini galimoto ndi makaniko wake. Kodi munthu wolungama ayenera kuyamba ndi liti?

Kuti funsoli limveke bwino, titenge chitsanzo cha Range Rover, galimoto imene imapangidwa ku Solihull m'dziko la England. Itatuluka koyamba mu 1970 inali yolimba ndi yosavuta kukonza: inkakhala pa masipuling'i achitsulo, ndipo pansi pake mkatimo munali labala woti munthu n'kutsuka ndi madzi. Mu 1992 kampani yake inayamba kuika matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i, ndipo mitundu yotsatira, monga P38A ya mu 1994 ndi L322 ya mu 2002, inapitiriza njira yomweyo. Popeza ife ndi a ku Britain ndi ku Japan timayenda mbali imodzi ya msewu, ya kumanzere, magalimoto otere akakalamba kumeneko ena amadzathera kwathu kuno. Mtengo wake umakhala utatsika kwambiri, koma mtengo wa masipeya ake umakhalabe wa galimoto ya anthu achuma. Wogula amalandira ulemu ndi ngongole pa tsiku limodzi.

Kagwiridwe ntchito ka matumbawa n'kosangalatsa. Kompuresa imapopera mpweya mu thanki, mavavu amaugawa ku matumba a labala anayi, ndipo tizipangizo tokhala pafupi ndi tayala lililonse timauza kompyuta msinkhu umene galimoto yaima. N'chifukwa chake imatha kudzikweza pa msewu wa makwawa n'kudzitsitsa pa phula. Koma labala amakalamba. Pamene thumba limapindika pamachita timing'alu, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono usiku wonse. Kompuresa imayamba kugwira ntchito mosapuma pofuna kubweza mpweya wotayikawo mpaka nayo imapsa. Mapeto ake galimoto imapendekeka, kapena kugwada yonse ngati ng'ombe yotopa. Ana a m'makomo amailoza, anzako a kuntchito amaiseka. Makaniko amathira madzi a sopo pa thumba, thovu n'kuonetsa pobooka, ndipo wodziwa ntchito amalangiza kusintha matumba awiri a mbali zonse, chifukwa lina likatha ndiye kuti linzake lili m'njira.

Shafiti ndi yosiyana. Ndi chitsulo chachitali chimene chimachoka ku giyabokosi kupita ku difu, ndipo galimoto ikamathamanga makilomita 100 pa ola, icho chimazungulira koposa ka 2,000 pa mphindi imodzi. Kumapeto kwake kuli mfundo zooneka ngati mtanda, zokhala ndi tizitsulo tonga singano tosambira mu girisi. Girisi akauma tizitsuloto timadyeka, ndipo pamfundopo pamaoneka fumbi lofiira la dzimbiri. Zizindikiro zake n'zazing'ono: kugunda kwa "gu" polowetsa giya, ndi kunjenjemera kwa pansi pa mpando liwiro likakwera. Woyendetsa akhoza kungokweza wailesi n'kuiwala. Komabe mfundoyo ikaduka galimoto ili pa liwiro, chitsulo cholemeracho chimamenya chilichonse chili pafupi, kapena kuzika mu msewu. Pa Discovery 2, m'bale wake wa Range Rover amene ankapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2004, amakaniko amadziwa bwino kuti mfundo ya shafiti ya kutsogolo ikaduka imatha kuswa giyabokosi. Izi zikachitika pa msewu wa M1, pamene minibasi, njinga za kabaza ndi ana a sukulu amayenda moyandikana, wovulala sakhala mwini galimoto yekha.

Apa ndiye pali yesero. Vuto la matumba limaluma ulemu wa mwini galimoto lero lomwe. Vuto la shafiti limaopseza moyo wa anthu ena tsiku losadziwika. Thorstein Veblen, katswiri wa za chuma wa ku America, anafotokoza m'buku lake la mu 1899, The Theory of the Leisure Class, kuti anthu amagula zinthu zina pofuna kuonetsa kuti ali ndi chuma. Ngati galimoto inagulidwa kuti anthu aione, ndiye kuti kwa mwini wake ntchito yake yaikulu yafa pamene yagwada, ngakhale injini ili bwinobwino. Mtima umathamangira kukonza chimene chabweretsa manyazi, n'kuuza makaniko kuti, "Za pansizo tidzaona mwezi wa mawa." Akuluakulu anaona kale khalidweli ponena kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Funso la zimene munthu amachita pamene palibe womuona ndi lakale. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato analemba m'buku lake lotchedwa Republic nthano ya mphete ya Gyges. Mbusa wina wa ku Lydia anapeza mphete imene inkamuchititsa kusaoneka, ndipo atadziwa mphamvu yake anapha mfumu n'kulanda ufumu. Wofotokoza nthanoyo, Glaucon, ankafuna kuonetsa kuti anthu amachita chilungamo chifukwa choopa kuonedwa basi. Pansi pa galimoto ndi pamalo pamene tonse timavala mphete imeneyi. Palibe mnansi amene amagwada kuti aone shafiti. Choncho chimene munthu amachita ndi shafiti yake chimaonetsa ngati ali ndi chikumbumtima, kapena amangoyendera maso a anthu.

Wina anganene kuti tikuwaweruza molakwa eni magalimotowa. Poyamba, galimoto yogwada nayonso ndi yoopsa: siikhazikika pa msewu, nyali zake zimaloza molakwika, ndipo kugunda kwa mabampu kumaononga zitsulo zina. Kachiwiri, manyazi si chinthu choipa. Mudzi umene anthu ake alibe manyazi sukhalika, ndipo zabwino zambiri timazichita poopa kunenedwa. Mfundo ziwirizi n'zoona. Koma taonani kusiyana kwake. Galimoto yogwada imadziletsa yokha. Imayenda movutika, imachenjeza woyendetsa, ndipo mwini wake amachita manyazi kutuluka nayo. Galimoto ya shafiti yakutha imathamanga monyada mpaka mphindi yomaliza. Manyazi ndi mlonda wabwino, koma amalondera pakhomo pokha pamene odutsa akuona. Kuseri kwa nyumba kumafunika mlonda wina, ndipo ameneyo ndiye chikumbumtima.

Palinso njira yachitatu imene imayesa kudzichepetsa kwa munthu. Amakaniko amatha kuchotsa matumba onse n'kuika masipuling'i achitsulo. Galimoto imataya kufewa kwake, siithanso kudzikweza, ndipo okonda magalimotowa amati yachotsedwa ufumu wake. Koma siidzagwadanso, ndipo ndalama zimene zikanathera pa kompuresa ndi matumba chaka ndi chaka zikhoza kupita ku shafiti, mabuleki ndi matayala. Ndiponso galimotoyo imangobwerera ku mmene makolo ake a mu 1970 analili. Wosankha njirayi wavomera kuti thumba lake lili ndi malire. Ngakhale zimenezo zitamuvuta, kuimika galimoto pansi pa mtengo n'kukwera minibasi kwa miyezi ingapo si tchimo. Tchimo ndi kunyamula banja ndi anansi pa ulendo wa kumaliro kumudzi ukudziwa chimene chikugunda pansi pa mapazi awo.

Yesero limakula pa tsiku logulitsa. N'kosavuta kupopa matumba m'mawa, kupukuta thupi la galimoto, n'kukhala chete za shafiti. George Akerlof, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001, anaonetsa m'nkhani yake ya mu 1970 yokhudza msika wa magalimoto akale kuti wogulitsa akamadziwa zimene wogula sakudziwa, ogula amayamba kukayikira galimoto iliyonse. Amatsitsa mtengo, eni magalimoto abwino amaleka kugulitsa, ndipo pa msika pamatsala zowola. Bodza la munthu mmodzi limalipiridwa ndi anthu oona mtima amene sanamuonepo. Naye makaniko ali ndi gawo lake. Iye ndiye amalowa pansi pa galimoto, ndipo akaona fumbi lofiira pa mfundo ayenera kunena mosabisa kuti, "Bwana, iyi musayende nayo," ngakhale bwanayo akwiye n'kupita kwa wina. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Pomangiriza, yankho la funso lathu ndi lakuti munthu wolungama amayamba ndi vuto limene lingapweteke ena, ngakhale ndi lobisika, ndipo amalolera kusenza manyazi a vuto looneka mpaka atapeza mphamvu. Lamulo limeneli silithera m'galaja. Limagwira pa nyumba yopakidwa utoto pamene mawaya a magetsi ali pamtunda, ndi pa ofesi yokongoletsa chipata pamene mabuku a ndalama ali osokonekera. Kusekedwa kumapweteka, koma kumatha, ndipo wosekedwayo amadzuka m'mawa ali ndi anthu ake onse. Moyo wa mwana woyenda m'mbali mwa msewu ulibe sipeya. Munthu amene wasankha kusekedwa kuti ena ayende mwamtendere wasunga ulemu woposa umene galimoto iliyonse ingam'patse.