Wogulitsa kuponi: ndi wakuba kapena wanjala?

Chiyambire pamene boma la malemu Bingu wa Mutharika lidakhazikitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo m'chaka cha 2005, pali mlandu umodzi womwe sudathe m'midzi mwathumu. Mlimi walandira kuponi, koma m'malo mokaombolera feteleza wakaigulitsa kwa venda. Akuluakulu a boma akhala akum'dzudzula pawailesi, mafumu kumuopseza kuti am'fafaniza m'kaundula. Koma kodi munthuyu walakwadi? Ngati walakwa, walakwira yani?

Tiyambe ndi omuimba mlandu, pakuti mfundo yawo si yachibwana. Ndalama zotsitsira mtengo wa feteleza ndi za misonkho ya tonsefe. Dziko lidavomera kusenza mtolowu litawawidwa ndi njala ya 2002 ndi chilala cha 2005. Kuponi tsono ndi pangano: tenga matumba awiri a makilogalamu 50, wokulitsa ndi wobereketsa, ulime chimanga. Wogulitsayo waphwanya pangano. Kuonjezera apo, mnansi wake amene dzina lake silidatuluke akadathira fetelezayo m'munda. Apa palibe kukana, wina walakwiridwa.

Komatu abale anga, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Makuponi amafika mvula ili pafupi, nthawi imene nkhokwe za anthu ambiri zayera kale. Ndipo fetelezayo si waulere. Zidalipo zaka zimene thumba linali K500. M'chaka cha 2020, boma la Lazarus Chakwera litayambitsa AIP, linali K4,495. Kwa wapantchito m'tauni n'zosinthira, koma kwa gogo wolera ana amasiye ndi maganyu a masiku angapo, osawerengera ya kabaza ndi kugona pamzere kudepoti. Feteleza adzabala nsima mu Epulo, pomwe mwana akulira usiku uno. Akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndani mwa ife angauze mwana wanjala kuti adikire miyezi inayi?

Ine ndikuti gogoyu si wakuba. Wakuba amatenga za eni, pomwe iye wagulitsa gawo lake, motchipa, akudziwa bwino lomwe kuti chaka chamawa njala idzamupezanso. Amene wavulala kwambiri pamalondawa ndi iye mwini. Pamene munthu asankhitsidwa pakati pa njala ya lero ndi njala ya mawa, chikumbumtima chathu chiyenera kufunsa kuti adamuika pamphambano imeneyo ndani.

Woyamba ndi venda wodikirira kuti umphawi wa mnzake upse kuti akolole. Ngakhale pamene makuponi a pepala adalowedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika, malondawa sadathe: chiphasocho n'chimene chidayamba kugulidwa. Wachiwiri ndi wokonza ndondomeko, amene amati akufuna wosaukitsitsa koma n'kumulipiritsa pamwezi umene alibe ndi ya mchere yomwe. Wachitatu ndi wandale amene amakwera pansanja n'kumati feteleza ndi mphatso yake. Munthu ukamuuza kuti wam'patsa mphatso, usadabwe akachita nayo zimene wafuna.

Chifundo chenicheni chimayamba ndi kumufunsa munthu chimene chikum'pweteka. Amene ali ndi munda ndi mphamvu, apatsidwe feteleza nthawi yabwino, mvula isanagwe. Amene m'nyumba mwake mulibe ufa, apatsidwe kaye chakudya kapena ndalama, monga zimachitikira mu Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006. Kupereka mankhwala amodzi pa matenda awiri ndiye kwabala msika wa makuponi.

Mnansi wosiyidwa uja ali ndi chifukwa chodandaulira, zoona. Koma dandaulo lake alitule kwa amene adalemba kaundula ndi kuika mtengo. Asalitule pakhomo pa gogo amene wagula chigoba cha chimanga kuti adzukulu agone atadya.