Kodi Nyumba ya Mowa Ingathe Kukhala Yabwino?

Ambiri a inu owerenga athu munaleka mowa tsiku lija munalembetsa dzina m'kalasi, ndipo ena simunaulawe konse cibadwire. Kapena poona mutu wa nkhani ino mudzati, Alembi athu asokera, ayamba kutama mowa. Iai abale, sitiutama; amene anauleka asaubwerere cifukwa ca mau athu. Koma nyumba zogulitsiramo mowa ziripo, pa msika uli wonse ndi pa mphambano iri yonse, ndipo olowamo sali anthu acilendo ai, ndiwo ana athu, atsibweni athu ndi akamwini athu. Kutsinzina sikuzicotsa nyumbazo. Cifukwa cace tiyesa nkoyenera kufunsa ngati zonse ziri zoipa cimodzimodzi, kapena iripo ina yoposa inzace; ndipo ngati iripo, ciikometsa nciani.

Anthu amene analingalira funso ili nthawi yaitali ndiwo a ku Britain. Kwao nyumba yotere aicha pub, kufupikitsa mau a cinenero cao otanthauza nyumba ya anthu onse. Munthu wa kumeneko amakhala nayo imodzi ya pafupi ndi kwao, yopitako pansi madzulo, imene aiyesa yaceyace. Ali nao mpando wace m'menemo, ndipo akapanda kuoneka masiku atatu anzace afunsana kuti, Kodi uje wadwala? Iri ngati bwalo la mudzi limene analifolera denga cifukwa ca cisanu ca dziko lao. Mu 2000 nyumba zotere zinali zoposa 60,000, ndipo pofika 2024 zinatsala ngati 45,000. Ikatsekedwa imodzi m'mudzi, adandaula ndi iwo omwe amene samwa kwenikweni, monga tidandaula ife akagwa kacere wa pabwalo.

Mu 1946 mlembi wina wa kumeneko, George Orwell, analemba m'nyuzi ya Evening Standard za nyumba imene anaikonda koposa, naicha The Moon Under Water. Anati munali bata lakuti anthu amvana polankhula, mopanda wailesi kapena limba, akazi ogulitsa anadziwa anthu maina ao, munali cakudya, ndipo kuseri kunali munda wa mitengo kumene bambo akhoza kukhala pamodzi ndi mkazi wace ndi ana, osawasiya kunyumba. Anawerenga zokoma khumi. Pomariza pace anaulula kuti nyumbayo kulibe, anaipeka yekha, ndi kuti yeniyeni imene anaidziwa inali nazo zisanu ndi zitatu zokha. Patapita zaka, kampani ina inatenga dzinalo nilipacika pa nyumba zace zingapo, ina mwa izo ku Manchester, cinyumba cacikuru cimene kale cinali coonetseramo kanema. Dzina ligulika msanga, koma kudziwa anthu maina ao sikugulika.

Zokoma zimene anawerenga Orwell tizibvomera, koma ndizo masamba. Muzu uli pansi. Muzu wace ndi uwu, kuti wogulitsa mowa adya za ludzu la mnzace, ndipo ludzu limeneli silifanana ndi njala ya zinthu zina. Wogula mcere akaukwanitsa apita kwao, ndipo mwini sitolo sangamkakamize thumba laciwiri. Koma womwa mowa, akamwa cikho cacitatu afuna cacinai koposa umo anafunira coyamba, ndipo nzeru yowerengera ndarama imcepera pa nthawi yomweyo imene dzanja lace lifulumira kulowa m'thumba. Cotero usiku uli wonse ifika mphindi imene ubwino wa wogulitsa ndi ubwino wa womwa zilekana njira. Kufikira pamenepo anali abwenzi, wina afuna mowa, wina afuna ndarama, onse akondwa. Kuyambira pamenepo ndarama iri yonse yolowa m'mbale ya wogulitsa icoka pa ndiwo za ana a mnzace. Ife tiyesa kuti nyumba iyesedwa pa mphindi imeneyo. Lamulo la ku England liletsa kugulitsa mowa kwa munthu woledzera kale. Linatero m'lamulo la 1872, literonso m'lamulo la 2003. Koma lamulo likhala m'buku, ndipo msilikari sangaime pa cikho ciri conse.

Angelezi anayesa njira zambiri. Mu 1830, pofuna kucotsa anthu ku jini, ndiye kacasu wa kwao, Boma linalola munthu ali yense wokhoma msonkho wa nyumba kuti agulitse mowa wamba pakhomo pace, atalipira magini awiri okha. Miyezi yowerengeka isanathe zinatseguka nyumba zoposa 24,000. Kuledzera sikunathe ai, popeza ogulitsa ocuruka alimbirana anthu omwewo, ndipo wokana kugulitsa angopereka munthu wace kwa mnansi. Mu 1869 anabwezera mphamvu yopereka cilolezo m'manja mwa oweruza.

Njira imene ife tiiyesa yanzeru koposa inacitika ku Carlisle, mudzi wa kumpoto kwa England, m'masiku a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1915 Boma linayamba kumanga nyumba zazikuru zopangira onga ku Gretna, pafupi pomwepo, ndipo anadza amuna zikwizikwi, opanda akazi ao, olandira malipiro akuru, osowa pokhala madzulo. Poweruka anakwera sitima kunka ku Carlisle, nafika itatsala nthawi pang'ono kuti nyumba za mowa zitsekedwe. Tsono anamwa mothamanga, ndipo m'mawa mwace manja onjenjemera anagwira nchito pa onga. Mu 1916 Boma linagula nyumba za mowa za m'dera lonselo pamodzi ndi mofululira mwace. Zambiri linazitseka. M'zotsalazo linaika akapitao olandira malipiro okhazikika, ndipo apa mpamene pali nzeru: kapitao sanapindule kanthu pa mowa, angakhale agulitse migolo khumi, koma analandira gawo pa cakudya ndi pa zakumwa zosaledzeretsa. Munthu yemweyo amene dzulo anakondwa poona mnzace aitanitsa cikho cacisanu, lero akondwa pomuona aitanitsa mbale ya nyama. Mtima wace sanausinthe. Anangosuntha pamene pagona phindu lace. Anatsegula nyumba yodyeramo, Gretna Tavern, m'nyumba yakale ya positi, analetsa kugulitsa zakumwa zaukali tsiku Loweruka, ndipo pambuyo pace mmisiri Harry Redfern anamanga nyumba zatsopano zowala, zina zokhala ndi bwalo la masewera. Makonzedwe awa, amene anayamba monga cinthu ca nkhondo, anakhala kufikira 1973.

Lamulo limodzi la masiku a nkhondowo litibvuta kuliweruza. Analetsa munthu kugulira mnzace mowa. Cifukwa cace cimveka, pakuti mwambo wa kumeneko ndi wakuti anthu asanu akakhala pamodzi, yense agulira onse m'nthawi yace, ndipo amene anadza kudzamwa cikho cimodzi acoka atamwa zisanu, poopa kuchedwa womana. Manyazi aledzeretsa anthu ambiri koposa ludzu. Komatu kugawana ndiko kusiyanitsa nyumba ya anansi ndi khola lomwetsera ng'ombe. Ife amene tidziwa cipanda cimodzi cozungulira bwalo lonse, mwini mowa atayamba walawa yekha pamaso pa alendo, sitinganene kuti munthu womwa yekha pangodya, wosapatsa mnzace, ndiye wacita bwino. Cinthu comweco cimene cikometsa nyumbayo ndico cikhala msampha wace, ndipo lamulolo silinakhalitse nkhondo itatha.

Kapena wina adzati, Ngati nkotero, Boma litenge nyumba zonse za mowa, mlandu watha. Afunse machona amene anagwira nchito ku Joni, ku Bulawayo, ku Harare ndi ku migodi ya mkuwa. Mu 1908 ku Natal kunaikidwa lamulo lopatsa akuru a mzinda wa Durban mphamvu yofulula ndi kugulitsa okha mowa wa anthu akuda, ndipo mizinda yambiri ya kumwera inatsata citsanzo cimeneco. Pa pepala cinafanana ndi ca ku Carlisle, pakuti panalibe mwini mmodzi wolemera nao mowawo. Koma phindu linapita kukamanga makomboni ndi kulipira oyang'anira ndi apolisi osunga anthu omwewo. Motero mzinda unafuna kuti anthu amwe kwambiri, ndipo akazi ofulula pakhomo anasanduka akuswa lamulo. Nyumbazo zinali zazikuru, za mipanda ndi zipata, munthu alowa pamzere ngati nkhosa. Panalibe womdziwa dzina. Mu 1929 anthu a ku Durban anazikana nazicitira cipolowe. Mu 1959 akazi a ku Cato Manor analowamo ndi ndodo, napitikitsa amuna ao, nataya mowa pansi. Ndipo mu 1976 ana a sukulu a ku Soweto anazitentha. Anthu satentha bwalo lao. Anatentha izi popeza anazindikira kuti sizinali zao, ndi kuti wolandira ndarama anakhala kutali, kosamva kulira kwa pakhomo.

Cotero sikukwanira kuti wogulitsa asapindule ndi kuledzera kwako. Ayeneranso kukhala munthu amene mawa adzakomana ndi mkazi wako panjira. Ku Scotland, m'midzi ya okumba malasha, anatengera makonzedwe ocokera ku Gothenburg m'dziko la Sweden, akuti eni ndarama alandire gawo laling'ono lokha, ndi phindu lotsala libwerere kumudzi. M'nyumba zotere analetsa juga, naletsanso ngongole. Ndipo ali yense wodziwa kabuku ka ngongole ka pa mowa, kamene kadya malipiro mwezi usanathe, adziwa kukula kwace kwa lamulo limenelo. Ina mwa izo, Dean Tavern ya ku Newtongrange, inayamba mu 1899, ndipo ndarama zace zinathandiza kukonzera mudziwo bwalo lopumulirako ndi la masewera. Ndipo ku Hesket Newmarket, kamudzi ka kumapiri kosatalikira ku Carlisle komwe kuja, anthu oposa 100 anasonkha ndarama mu 2003 nagula nyumba yao, The Old Crown, poopa kuti ingagwe m'manja mwa kampani yakutali. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo denga limene analisenza anthu zana, sadzalola kuti pansi pace mwana wa mmodzi wa iwo aonongeke iwo ali kupenya.

Makolo athu anali nako kanthu kotere pa mowa wa dima. Sitinena kuti panalibe zoipa, pakuti ndeu ndi milandu yambiri ya pabwalo inabadwira pa mtsuko. Koma mowawo unadza nchito itatha, wofulula anali mnansi, akuru anakhala pomwepo, ndipo mtsuko ukatha, kwatha. Panalibe munthu wopindula pakuturutsa wina. Ndarama ndiyo inacotsa matsiriziro amenewo, ndipo kacasu anafupikitsa njira.

Tsono tifike pa cobvuta ceniceni, cimene ciri pafupi ndi ife koposa Carlisle. M'midzi yathu wogulitsa mowa kawirikawiri sali mwini cuma; ndiye mai wamasiye, kapena wosiyidwa ndi mwamuna amene anacoka osatumiza kalata, ndipo mowawo ndiwo sopo wace, mcere wace, ndi ndarama ya sukulu ya ana ace. Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa February, nkhokwe ziri pafupi kutha. Afika mwana wa mnansi wace, maso ali ofiira kale, m'manja muli ndarama imene maiyo adziwa bwino kuti yacokera pa cimanga cotapa m'nkhokwe usiku. Mwana wa maiyo anambweza kusukulu dzana cifukwa ca ndarama yonga yomweyo. Akakana, mnyamatayo apita pa khomo lina, ndipo ndarama itayika osapulumutsa munthu. Akalandira, adya cimanga ca ana a mnzace. Ife tinena kuti akane, ndipo sitibweza mau amenewa, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo tidziwa kuti alipo amai otere amene akana, nauza mnyamata kuti, Pita ukagone mwanawe, namperekeza ndi mlongo wace kufikira pakhomo. Nyumba ya mai wotere ndiyo tiyesa yoposa inzace, ingakhale iri ya udzu ndi mipando ya njerwa.

Koma tizindikire kuti cimene timpempha nciposa cimene anapempha kapitao wa ku Carlisle. Uyo anakana ali ndi malipiro ace m'thumba, ndipo akakana mowa anagulitsa tiyi ndi mkate napindulabe. Maiyu akana ndi mimba yace. Thobwa adziwa kuphika, zitumbuwa ndi mbatata yooca adziwa kukonza, ndipo akadapeza ogula, mtsuko wa mowa ukadacepa wokha. Koma ogula thobwa ndife amene sitimwa, ndipo ife tilambalala khomo lace patali, poopa kuti akuru a mpingo angatione tirikuturuka m'menemo. Tikomana naye kumadzi ndi kumaliro, timpatsa moni, ndipo tsiku la Sabata timchula m'mapemphero pamodzi ndi ocimwa ena. Ndani wa ife anamgula thobwa caka cino?