Mpanda Wofika Kumadzi

Pa Facebook timaona nyumba zogulitsa ku Zanzibar: khonde loyang'ana nyanja, mcenga woyera, mtengo wake m'madola. Timangoti, "Tsiku lina." Kulakalaka kotere si mlandu. Koma wogula malo a m'mbali mwa madzi amagula ciyani kwenikweni?

Zambia ilibe nyanja yamcere, koma funsoli lili pakhomo. Ku Rufunsa, kum'mawa kwa Lusaka, malo ambiri ali m'manja mwa mafumu monga Mpanshya, Shikabeta ndi Bundabunda. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo otere, mfumu ndi khonsolo zikavomereza, akhale a munthu mmodzi pa taitolo ya zaka 99. Akale anati mlendo ndi mame, koma mame a zaka 99 sakamuka.

Wogula anganene kuti sanabe, ndipo n'zoona. Analipira, mwinanso adzalemba anyamata nchito. Koma taitolo imaonetsa malire okha. Siionetsa kanjira ka amayi otunga madzi, pomwera ng'ombe, kapena manda akale. Mpanda ukafika m'mphepete mwa Lunsemfwa kapena Luangwa, umatsekanso zimene sizinali pamtengo, ndipo otaya si amene analandira ndalama.

Ife a m'komboni timadziwa kuwawa kwa kupeza njira yathu yatsekedwa ndi khoma la wina. Mukadzapeza ndalama, gulani ndithu. Koma musanaimike mzati woyamba, funsani amene amadutsa pamenepo m'mamawa, ndipo muwasiyire njira.