PHIRI LA NUR NDI MANTHA A MUNTHU



Ine ndine mwana wa kunyanja. Ndawoloka pa bwato kuchokera pa Kachulu kunka ku Chisi mwera ukuwomba, mtima osagunda. Koma mundiuze kuti ndikwere pa denga la mzikiti kukakhoma lata, miyendo imasanduka phala. Chilema chimenechi ndachibisa zaka zambiri.

Pamene Allah anandipatsa mwayi wa Umra m'mwezi wa Ramadhan, anzanga anapangana zokwera phiri la Nur, pafupi ndi Makka, kumene kuli phanga la Hira. Ndinene msanga kuti kukwera phirili si mbali ya Umra kapena Hajj, ndipo amene sanakwere sanataye kanthu. Ndinawakumbutsa zimenezi mwamphamvu ndithu, monga shehe. Mawuwo anali oona, koma Allah adziwa kuti chimene chinkandilankhulitsa ndi mantha.

Tinanyamuka usiku titaswali Tarawehe, pakuti dzuwa la kumeneko munthu wosala sangalipirire. Nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 640. Phiri lathu la Zomba ndi lalitali kuposa apo, koma lili ndi mitengo yobisa phompho. La Nur ndi miyala yokhayokha. Tili pakatikati ndinacheuka, ndi kuona magetsi a mzinda ali pansi penipeni ngati nyali za asodzi. Mutu unazungulira. Ndinakhala pansi, ndagwira mwala ndi manja onse awiri. Kukwera ayi, kutsika ayi.

Panafika agogo ena aakazi a dziko lina, ndodo kumanja. Chilankhulo sitinamvane. Analoza maso anga, kenaka naloza mwala umene unali patsogolo pa phazi langa, basi napitirira. Ndinamva. Ndinaleka kuyang'ana pansi, ndinalekanso kuyang'ana kunsonga. Phazi limodzi, Subhanallah. Phazi lina, Alhamdulillah. Momwemo mpaka kufika.

Phangalo ndi laling'ono, polowera pake ndi popanikiza pakati pa miyala. M'menemo, m'chaka cha 610, m'mwezi ngati uno, Jibril (A.S.) anadzera Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ali ndi zaka 40, ndi ma ayat asanu oyamba a Surat Al-Alaq. Tsono tamverani, abale anga. Wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse anatsika phiri lomwelo mtima ukunjenjemera, napempha Mayi Khadija (R.A.) kuti amufunditse. Kodi mayiwo anamuseka? Iyayi. Anamukumbutsa zabwino zake, za kusunga chibale, kuthandiza ofooka ndi kulandira alendo, ndipo anamperekeza kwa Waraqa bin Nawfal. Ngati iye anachita mantha, ine ndi inu ndife yani kuti tiwayese kusowa kwa imani?

Ndalemba izi chifukwa cha masiku khumi omaliza. Alipo abale athu, ena m'zimbowera pakati pa njedza, ena m'midzi momwe muno, amene papita zaka chiswalire. Ena anagwa m'kachasu, ena anadya za amasiye. Akacheuka kuona machimo awo mutu uwazungulira; akayang'ana anzawo omaliza Qur'an yonse m'mwezi umodzi akuti, ife sitingafike kumeneko. Ndiye angokhala pakati pa phiri, agwira mwala, Ramadhan ikudutsa.

Mbale wanga, mwala umene uli patsogolo pa phazi lako ndi udhu. Tunga madzi. Wachiwiri ndi maraka awiri, ngakhale sura imene ukudziwa ndi imodzi yokha. Ngati unadya cha mwini, bweza chimene uli nacho lero, chotsala upangane naye. Lailatul Qadr ifunefuneni pa usiku wa 21, 23, 25, 27 ndi 29; musadalire wa 27 wokha, monga tazolowera kuno.

Ndi inu akuluakulu a safu yoyamba, munthu wotere akalowa musam'funse kumene anali. Msendereni, mum'patse malo, ndipo pa futari mum'sunthire mbale.

Potsika phiri lija ndinaopabe, ndipo malo ena ndinatsika chokhala, anyamata akundigwira mkono. Denga la mzikiti wathu mpaka lero sindinakwerepo. Malata amakhoma ndi ana a madrasa, ine ndimagwira makwerero.