Kodi mmishonale amanyamula Mulungu m'chikwama?

Mnyamata wa ku Chinsapo kapena mtsikana wa ku Kawale akamva mayitanidwe okalalika Mthenga Wabwino kwa anthu akutali, amalongedza Baibulo, korona ndi katekisimu. Ndi bwino ndithu. Koma asananyamuke adzifunse: kodi kumene akupitako Mulungu kulibe?

Mbiri ya Eklezia m'Malawi muno ili ndi yankho. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, koma adachokako mu 1891 mpingo usanamere mizu. Atabweranso mu 1902 ndi kutsegula mishoni ya Mua, adapeza anthu akupembedza kale Chauta, Namalenga, Mphambe. Mayinawa sadabwere pa sitima. Kadinala Lavigerie, yemwe adayambitsa chipanichi mu 1868, ankalamula ansembe ake kuphunzira chinenero cha eni dera ndi kudya zomwe eniakewo amadya.

Ngakhale zinali choncho, amishoni ndi a Gule Wamkulu adalimbana kwa zaka zambiri. Pa Mua pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher adatsegula Kungoni, malo ophunzirirapo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Izi sizikutanthauza kuti mwambo uliwonse ndi wabwino. Ulipo wopondereza amasiye ndi atsikana, ndipo mmishonale asauyang'anire. Koma munthu sangawongole chimene sanachimvetse. Safunsa adadya phula. Wokonzekera utumikiwu ayambe waphunzira kukhala pamphasa ngati mlendo, kufunsa ndi kumvetsera, chifukwa Mzimu Woyera adafika kale m'mudzimo iye asanabadwe.