Mjigo Wosiyidwa: Mlandu Ngwa Yani?

M'midzi yambiri ya dziko lino muli mijigo yosawonongeka, koma yomwe pafupi pake pamera udzu. Anthu amati madzi ake ngamchere: sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera zokakamira. Amayi amaudutsa mjigo wotere, ndowa ili pamutu, kupita kumtsinje kapena kunyanja kumene madzi ndi okoma. Vutoli ndi lodziwika kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma funso lake likutikhudza tonse, kuyambira kuno ku Magaleta m'boma la Neno mpaka ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mwana wa m'banja lotere akadwala kolera, mlandu ngwa yani?

Tiyambe ndi madziwo. Mawu akuti "amchere" timaphatikizamo zinthu ziwiri. Pali madzi amene asungunula calcium ndi magnesium m'miyala ya pansi pa nthaka. Amenewa ndiwo amapha thovu la sopo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO silinawaikire malire okhudza thanzi, chifukwa pamlingo umene amapezeka m'madzi akumwa sadziwika kuti amadwalitsa. Palinso madzi a mchere weniweni, womwe ukachuluka madziwo sangamwedwe, ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Koma zoopsa kwambiri sizimveka pa lilime. Fluoride akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amathimbiriritsa mano a ana, monga akudziwira anthu a ku Nathenje. Tizilombo ta kolera tilibe fungo kapena mtundu. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma ozunzika kwambiri. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Apa ife aphunzitsi a madrasa tili ndi gawo. Timaphunzitsa ana kuti madzi ochuluka amakhalabe a twahara pokhapokha najisi itasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe kake, ndi kuti kusintha kochokera ku dothi kapena miyala ya pamalo pake sikuwaletsa kuchitira wudhu. Ngakhale madzi a m'nyanja ya mchere amayeretsa. Lamuloli ndi chifundo, chifukwa limapeputsa swala kwa munthu aliyense kulikonse. Koma likuyankha funso la kupembedza. Funso la kumwa lili pansi pa lamulo lina la Shariya, loteteza moyo ndi loletsa kudzivulaza kapena kuvulaza ena. Madzi oyenera wudhu angathe kupha khanda. Mwana amene watuluka m'madrasa osadziwa kusiyana kumeneku waphunzira theka la nkhani ya madzi.

Nanga mayi uja? N'kosavuta kumudzudzula, koma iye sachita izi mwaulesi, pakuti kumtsinje n'kutali kuposa kumjigo. Amawerengera sopo amene amathera pachabe, nkhuni zophikira nyemba, ndi ana amene amakana kumwa. Palibe amene anamuuza ngati madzi a mjigowo ndi ovuta pakamwa chabe kapena ndi oipadi. Munthu saimbidwa mlandu wonse pa chinthu chimene odziwa anamubisira kapena ananyalanyaza kumufotokozera.

Gawo lalikulu ligwera wopereka. Mijigo yambiri m'madera athu ndi sadaka ya anthu ofuna malipiro osatha, ena pokumbukira makolo awo, monga Sa'd ibn Ubadah (RA) anakumbira chitsime mayi ake atamwalira. Koma tiyang'ane bwino chitsanzo cha Uthman ibn Affan (RA). Asilamu osamukira ku Madina anavutika ndi madzi akumeneko, ndipo chitsime cha madzi okoma cha Rumah chinali cha munthu wogulitsa. Uthman anagula chitsime chimenecho, chomwe anthu ankachifuna kale, n'kuchipereka kwa onse. Anayang'ana ludzu la anthu ndi zimene pakamwa pawo pangalandire. Sadaka yosatha imayenda ndi phindu lake. Mjigo ukasiyidwa, chotsala ndi dzina lolembedwa pa simenti.

Wina anganene kuti palibe amene amaona pansi pa nthaka, ndipo kuchulutsa zofunika kudzagwetsa ulesi anthu opereka. N'zoona kuti wokumba sadziwa zonse, ndipo cholinga chake chabwino Allah sachitaya. Koma cholinga sichichotsa udindo wa zimene zinali zotheka. Kufunsa za mijigo yoyandikana n'kotheka. Kufunsa amayi, omwe ndiwo amatunga, n'kotheka. Kuyezetsa madzi kudzera ku ofesi ya zamadzi ya boma asanaperekedwe kwa anthu n'kotheka, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa kukumba. Kubwereranso pakatha chaka kudzaona ngati anthu akumwa n'kothekanso. Amene wasiya zonsezi n'kuthamangira chithunzi cha tsiku lotsegulira ayenera kudzifunsa kuti ankamwetsa yani.

Gawo lotsala ndi lathu, eni mudzi. Komiti ya mjigo ndi akuluakulu a mzikiti apemphe kuti madzi ayezedwe, zotsatira zake zilengezedwe pambuyo pa Jumu'ah. Ngati vuto ndi la sopo chabe, timwe a pamjigo, tichapire a kumtsinje. Ngati ndi mchere wosamweka, madzi a kumtsinje kapena kunyanja awiritsidwe, kapena athiridwe klorini monga alangizi a zaumoyo amatiuzira, n'kudikira mphindi 30 tisanamwe. Ndipo abambo tisaione ngati nkhani ya kukhitchini. Amene amagula sopo ndi nkhuni, amenenso adzanyamule mwana usiku kupita naye kuchipatala, ayenera kudziwa kumene ndowa ya m'nyumba mwake yatungidwa lero.