Mabuleki ogwira dzimbiri samasulidwa ndi ukali



Pafupifupi mu komboni iliyonse muli motoka imene inaimikidwa kumbuyo kwa nyumba zaka zambiri zapitazo. Matayala anaphwa, nkhuku zimaikira pansi pa mpando. Tiyeni titenge Land Rover Series III, ija inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, imene achikulire mukumbukira ikunyamula anthu a boma ndi odwala a ku mishoni. Tsiku lina munthu aganiza zoiukitsa. Aika batire yatsopano, atsuka thanki, athira mafuta, ndipo injini ilira. Ana akuwa, aneba abwera kudzaona. Koma akalowetsa giya, motoka ingonjenjemera pamalo amodzi. Mawilo akana. Mabuleki anagwira.

M'bale, mlongo, pali munthu wotere pamtima panu. Mwina ndi amuna anu, mwina mwana wanu woyamba, mwina mnzanu amene munali kuimba naye mu kwaya. Moyo ulimo, dzina la Yesu alidziwa, koma sayenda. Ndipo inu mwalema.

Muone chimene chinachitika ku motoka ija. Sinagunde mtengo iyayi, inangoima chabe. Brake fluid ili ndi khalidwe lokoka madzi kuchokera mu mpweya. Motoka ikamayenda ndi kusinthidwa fluid pa nthawi yake, palibe vuto. Ikaima, madzi aja akhazikika mu wheel cylinder, dzimbiri liyamba, ndipo pisitoni imene iyenera kutuluka ndi kubwerera imamatirira. Land Rover iyi ili ndi mabuleki a dilamu ku mawilo onse anayi, ndiponso handbrake yake igwira dilamu ina kumbuyo kwa gearbox. Mwini wake anakoka handbrake tsiku lomaliza lija poganiza kuti mawa aiyendetsanso. Mvula ya Novembala inabwera, inapita, inabweranso, mpaka ma brake shoe ndi dilamu zinakhala ngati chitsulo chimodzi.

Anthu ambiri amene anagwa mphwayi sanayambe ndi tchimo lalikulu. Kunali maliro kwawo, a mpingo sanafike. Kapena anakongoza m'bale ndalama, m'baleyo akweza manja kutsogolo Sondo iliyonse koma nkhani ya nkhongole saikamba. Munthu anakoka handbrake, ati ndipumuleko Sondo imodzi. Manje zapita zaka seveni.

Apa ndiye pamene tiwononga zinthu. Kuseri kwa wilo iliyonse kuli kabauti kakang'ono kotulutsira mpweya, amakanika akatcha nipple. Mkati mwake muli kabowo, motero n'kofooka kuposa m'mene kaonekera. Wophunzira nchito akaona kuti kakana, atenga paipi yaitali, aiveka pa sipana, akankha ndi thupi lonse. Amva "thyo!" ndi kusekerera kuti kamasuka. Kanathyoka. Mutu uli m'manja, thunthu latsala mkati, ndipo palibenso pogwira. Nchito ya ola limodzi yasanduka ya kuboola ndi drill, kapena kugula cylinder ina imene mwina mu tauni monse mulibe.

Tathyola anthu angati mwa njira iyi? Mayi aimirira pakhomo la chipinda cha mnyamata wake 04:00, kupemphera mokuwa kuti mnyamatayo amve machimo ake onse. Wina auza gulu lonse la cell chinsinsi cha mnzake, ati kuti timupempherere. Wina agwira mutu wa munthu wolira maliro a mwana wake ndi kuukankha kuti chiwanda chituluke, pamene chimene chilimo ndi chisoni. Changu chilipo, sinditsutsa. Koma munthu uja achoka atathyoka, ndipo wobwera pambuyo panu sapezanso pogwira. Paulo pa Agalatiya 6:1 akamba za m'bale wogwidwa mu cholakwa, ndipo alamula a uzimu kuti amubweze mofatsa, akudziyang'aniranso okha. Liu limene anagwiritsa nchito m'Chigiriki ndi lomwe lili pa Marko 1:19, pamene Yakobo ndi Yohane anali kukonza maukonde awo m'ngalawa. Ukonde wong'ambika saukonza ndi hamala.

Manje taonani makanika wachikulire. Ayamba ndi burashi ya waya, kuchotsa matope ndi dzimbiri la pamwamba kuti aone chimene alimbana nacho. Athira mafuta olowerera pa mazinga a kabauti, ndiye apita kunyumba kukadya nsima. Inde, apita! M'mawa athiranso, madzulo athiranso, masiku atatu kapena sabata yathunthu. Wodutsa anganene kuti mdala uyu ndi waulesi, koma mafuta aja ali pa nchito usiku wonse, kulowa m'timipata timene diso silingaone. Akabwera agogoda pang'onopang'ono ndi kahamala, osati kuti aphwanye, koma kuti dzimbiri ling'aluke ndi mafuta apeze njira. Asankha sipana yogwira mbali zonse sikisi. Ndipo chodabwitsa, ayamba wakamanga pang'ono chabe, ndiye abweza. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Akafuna moto, atenthetsa chitsulo chozungulira kuti chifutukuke, osati kabautiko, ndipo ayamba wachotsa paipi ya labala pafupi.

Pemphero lanu la kuchipinda, limene munthuyo salimva, ndi mafuta aja. Mbale ya chakudya, talk time, kumufunsa za mwana wake wodwala osatchula za tchalitchi, uko ndiye kugogoda. Mudzamva ngati palibe chichitika. Tsiku lina adzakuyankhani mwaukali kuposa kale, inu mudzati zaipiratu, pamene mwina chinthu chayamba kusuntha.

Dilamu nayo ili ndi nkhani yake. Ikadyeka kwa zaka, m'mphepete mwake mutsala kamlomo, ndipo ma brake shoe akodwa kuseri kwa kamlomoko. Mungakoke mpaka thukuta, siituluka. Choyamba ndi kubweza adjuster kuti ma shoe abwerere mkati. Nthawi zina amene ayenera kubwerera ndinu. Lekani kumukumbutsa zimene anachita mu 2019. Ngati mpingo unamulakwira, wina apite akanene kuti tinalakwa, popanda kuwonjezera "koma nawenso".

Kwa inu amene mugwiradi nchito iyi ku garaji, mundimvere: ma shoe akale ambiri ali ndi asibesitosi. Fumbi la mu dilamu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi compressor, linyowetseni ndiye mupukute. Mapapo anu tiwafuna mu matamando.

Chenjeraninso ndi mafuta. Omwe aja amene amasula kabauti kunja, akalowa mkati mwa cylinder atupitsa malabala, akadontha pa ma shoe motoka siimanso bwino. Mkati mufunika brake fluid chabe. Mau abwino ali ndi malo ake. Kuuza mayi amene waika mwamuna wake dzulo kuti asekerere mwa Ambuye, mauwo ndi oona, koma mwawathira polakwika. Mzimu Woyera adziwa pothira. Mufunseni musanatsegule pakamwa.

Wina anena kuti, abusa, kodi Mulungu wathu si wa pompopompo? Zoona, aleluya! Pa Luka 13 mayi wopindika msana zaka 18 anaongoka nthawi yomweyo. Tikhulupirira zimenezo ndipo tizipempha. Koma Yesu yemweyo, pa Marko 8, anagwira wakhungu wa ku Betsaida pa dzanja, anamutulutsa kunja kwa mudzi, kutali ndi maso a anthu. Atamukhudza koyamba, munthuyo anaona anthu ngati mitengo yoyenda. Ambuye sanamukalipire kuti chikhulupiriro chako n'chochepa. Anamufunsa, anamvetsera yankho, anamukhudzanso. Ngati Mwana wa Mulungu anakhudza kawiri, inu muchita manyazi chifukwa chiyani kubwerera kachisanu?

Ndipo pali zina zimene mafuta ndi kuleza mtima sizikwanitsa. Cylinder imene dzimbiri laikumba maenje mkati idzadontha ngakhale muipukute bwanji, ifunika yatsopano kapena katswiri woikamo sleeve. Motoka iyi tsiku lina idzatsika mapiri a Manenekera pa Great East Road itanyamula anthu, ndiye osabisa chilema ndi penti. Ngati m'bale wanu sagona, sadya, akamba zodzipha, kapena thupi linjenjemera akapanda kumwa mowa, pempherani uku mukumuperekeza ku chipatala lero lomwe.

Zonse zikamangidwa, patsala kutulutsa mpweya mu mapaipi, ndipo mwa njira yathu ya ku garaji nchito iyi ifuna anthu awiri. Wina akhala pampando kuponda buleki, wina agona pansi pa fumbi ndi sipana. Wapansi akuwa, "Pompa! Pompa! Gwira!" Atsegula kabauti kaja, thovu lituluka, atseka, ayambanso. Wapampando saona chimene chituluka, angomvera liu la mnzake mpaka phazi limve kuti buleki yalimba.

Sabata ino sankhani munthu mmodzi chabe. Dzina lake musalilembe pa gulu la WhatsApp. Litchuleni kwa Atate m'mawa ndi madzulo, ndipo Chisanu chisanafike mumutumire foni, mumufunse kuti ana ali bwanji.

Atate, m'dzina la Yesu, chotsani paipi yaitali m'manja mwathu. Pamene pali potseka zaka zambiri, Mzimu wanu alowe usiku uno ife tili m'tulo. Ameni.